Mabawuti M'jekete ya a Sande

Estere anawapeza Lachiwiri masana, akusita. Magetsi anali atapita kuyambira mbandakucha, monga achitira ku Makwasha, ndiye anakoleza makala n'kutsitsa simbi yakale ya malemu apongozi ake aakazi. Anayala patebulo jekete yakuda ya a Sande, apongozi ake aamuna, ya kutchalitchi ndi kumaliro ija, ndipo simbi itafika kumunsi inangoti gu! ngati khasu lagunda mwala.

Anaika simbi pambali n'kupapasa. M'kati mwa mpendero munali tinthu tolimba, tolemera, tondondozana kuzungulira jekete yonse. Ulusi unali watsopano koma msoko wokhotakhota, wa dzanja la munthu wamwamuna. Estere sankachedwa kuchita mantha. Ndi iye uja ankasiya mbale pampopi kukaika chala pamphuno pa mwana kuti amve ngati akupuma. Choyamba anaganiza za zithumwa. Koma a Sande, mkulu wa mpingo, ndi zithumwa? Anasuzumira pawindo. Apongozi akewo anali pampando wawo pansi pa mtengo wa mapeyala, chipewa chili kumaso. Anatenga lezala n'kudula ulusi pang'ono.

Chinagwera patebulo chinali bawuti. Bawuti weniweni, wamfupi, wonenepa ngati chala chachikulu, wopukutidwa bwino ndi mafuta. Kenako wina, winanso, mpaka anadzaza mbale. Estere anangogwira m'chiuno. Kodi munthu wopita kwa madokotala amatengeranji mabawuti?

Jeketeyo inkasitidwira ulendo wa Lachisanu wa ku Gweru. A Nehemiya Sande anagwira ntchito pa mgodi wa asibesitosi kuyambira ali mnyamata mpaka mgodiwo unatseka zipata, ndipo fumbi lake anachoka nalo m'mapapo. Boma lili ndi thumba lothandiza anthu otere: likapeza kuti fumbi lakulemaza, limakupatsa kangachepe mwezi ndi mwezi, ndi mankhwala omwe. Chaka chatha Humble, mwamuna wa Estere, anaperekeza bambo akewo kukaonekera, koma anawakana. Akuti zipsera m'mapapo zikuoneka ndithu pachithunzi, koma mwini wake wanena yekha kuti ali ndi mphamvu, amalima, amapita ku Mandava wapansi n'kubwerako. Humble anachita apilo. Tsopano anali atawaitananso, ndipo kalaliki ananena mosapsatira kuti bwalo la madokotala likakananso, nkhani yathera pomwepo. Humble anali ku Gaika, ku Kwekwe, kukumba golide m'maenje a eni ake, ndipo bwana wake za tchuthi sankazimva. Woperekeza anatsala Estere.

Za ku Mandava zinali zabodza, Estere ankadziwa. Ankadziwa kuti kuchoka pakhomo kupita pampopi a Sande amaima pa mtengo wa mapeyala n'kumatembenuza tsamba ngati akufuna mbozi, pamene akungodikira mpweya. Ankadziwa kuti akamanga nsapato imodzi amayamba akhala kaye tsonga, inayo n'kudikira. Kutchalitchi, pa nyimbo za mizere italiitali, ankangogwedeza milomo. Ndipo kampope kawo kopumira kakatha, ankakabisa pansi pa pilo n'kunena kuti kakadalipo, chifukwa mtengo wake ku famase ankaudziwa.

Koma kudziwa n'kwina, kunena n'kwina. Mtengwa satchula chifuwa cha apongozi. Chilowereni m'nyumba imeneyi Estere anali asanayang'anepo a Sande m'maso, ndipo kupatula moni, zokamba zawo zonse zinkadzera mwa Rumbidzai, khanda lake lomwe linali litangoyamba kukwawa. "Rumbi, auze agogo kuti madzi atentha." "Rumbi, uwathokoze amayi ako." Mwanayo ankangoyamwa chala, nkhani zikudutsa pamutu pake.

Madzulo a Sande analowa, ananyamula jekete pa msomali, n'kuiyeza m'dzanja.

"Rumbi," anatero, "jekete yanga yaonda. Ikudwala chiyani?"

Estere anali chogwada pafupi ndi khomo, maso pansi. "Rumbi, auze agogo kuti zitsulo zimaononga simbi."

"Uwauze amayi ako kuti simbi yapuma tsopano. Singano ili pawindo."

Estere anabwezera mabawuti onse m'malo mwawo. Anasoka bwino kuposa mwini wake, koma funso linakhala likumuyabwa ngati chitedze.

M'mawa mwake kunabwera a Januário, mnzawo wa a Sande wa kumgodi. Makolo awo anachokera ku Tete, ndipo iwo anali kamunthu kakafupi, kowuma, kolongolola, koyenda ndi njinga yopanda mabuleki. Anabwera ndi botolo la mkaka, mazira aawisi, jinja, ndi mtolo wa masamba a bulugamu.

"Mai a Rumbi, mamuka sei? Tiwiritsireni masamba awa, mkulu uyu afukize. Mkakawu ndi wake yekha, musathire mu tiyi. Mkaka umatsuka fumbi."

Estere anawiritsa. Kenako anatulutsa matewera omwe sanali akuda kwenikweni, n'kukaima pa chingwe, pomwe ankatha kuona ndi kumva zonse.

A Januário anakhala pa chidebe chovundikira, anapachika chingwe cha wailesi m'khosi ngati chomvera cha dokotala, n'kusintha mawu kukhala a m'mphuno ngati mzungu.

"Nekisiti! Wena, madala! Vula mulomo!"

A Sande anaimirira, chifuwa patsogolo, manja m'mbali, n'kutsegula pakamwa.

"Ayi, ayi, ayi, shamwari. Mapewa akukwera. Dokotala amayamba kuona mapewa. Puma ndi mimba, pang'onopang'ono, ngati mphaka. Tiyenso. Umayenda mtunda wautali bwanji?"

"Ndimapita ku Mandava, n'kukafika mpaka ku—"

"Wagwa kale! Ndani wakufunsa mbiri? Mpweya umathera m'nkhani. Liwu limodzi basi. Umayenda mtunda wautali bwanji?"

"Kutali."

"Eya. Umalima?"

"Kwambiri."

"Chifuwa chikabwera?"

A Sande anaonetsa dzanja. Chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitakanikiza pa mnofu wa chala chinzake.

"Tsina mpaka ululu upose kuyabwa kwa kukhosi. Wakalamba koma sunaiwale, galu iwe."

"Galu ndiwe. Amene anakuphunzitsa zimenezi ndani?"

Anaseka onse awiri, ndipo kuseka kwa a Sande kunathera m'chifuwa chachitali, atagwira mtengo. Estere anaima ndi thewera lonyowa m'manja, madzi akutsikira m'chigongono. Anali atamvetsa. Akuluakuluwa sankakonzekera kukaonetsa matenda. Ankakonzekera kukawabisa.

A Januário atatsanzika, Estere anabereka mwana n'kuwatsatira mpaka pa geti. Ndi iwo ankatha kulankhula, sanali apongozi.

"Sekuru, ndifunse nawo. Mabawuti aja ndi a chiyani?"

"Ohoo, mwawapeza? Ndi a pasikelo, mwanangu. Munthu wa fumbi amayamba ndi kuonda. Sikelo ikatsika, dokotala amatchera khutu."

"Koma ku Gweru akufuna aone kuti akudwala."

"Akutero iwo." Anayedzamira njinga n'kumuyang'ana mwachifundo, ngati mwana amene wanena kuti mwezi ukumutsatira. "Inu munabadwa dzulo. Ife pamgodi chaka chilichonse kunali medikolo. Mzere kuchoka pachipatala mpaka ku bawa. Sikelo, chithunzi cha m'chifuwa, kenako dokotala ndi chomvera chake chozizira. Akadinda fiti, mawa uli pa shifiti. Akapanda kudinda, mawu anali awiri: hamba kaya, ndiye kuti pita kwanu. Bulangete, tikiti ya sitima, nyumba ya mgodi ubweze. Wa ku Nyasalande ku Nyasalande, wa ku Tete ku Tete. Kukafera uko, kuti mgodi usagule bokosi."

"Zimenezo munaziona?"

"Funsani Nehemiya. Bambo ake, Sande mwini dzina, wa ku Ntcheu. Anatsokomola kamodzi pamaso pa dokotala. Kamodzi! Nehemiya anali kamnyamata ka kabudula, anawanyamulira sutikesi mpaka pa siteshoni. Amayi ake anali a konkuno, anatsala ndi ana. Mkuluyo sanabwerenso, ngakhale manda ake sitikuwadziwa. Ndiye ife titalowa ntchito tinalumbira. Ine ndi iye, zaka zonse zija, sitinagwepo. Anthu ankabwera kwa ife kudzaphunzira."

"Koma sekuru, mgodi unatseka. Nthawi zinasintha. Pano wodwala ndi amene amathandizidwa."

"Munaonapo msampha wopanda nyambo? Bwerani, madala, tikupatseni ndalama chifukwa mukudwala. Ndani amagula matenda? Zitupa zathu zinakhala zaka zingati zitalembedwa kuti ndife alendo? Akufuna tidziulule tokha." Anakwera njinga, phazi limodzi lili pansi. "Chaka chatha anapambana yekha, ine kulibe. Chaka chino ndipita nawo. Musade nkhawa, tibwera naye."

Estere anatsala pa geti pakamwa pali yasa. Anaganiza za a Sande akubwera ku Gweru chaka chatha, mmene anagulira aliyense fanta, mmene anaimbira nyimbo posamba. Iye ankayesa akubisa chisoni. Kani ankasangalala!

Anaimbira Humble. Kumbuyo kunkamveka chigayo cha miyala.

"Ingowauza, Esi. Uwauze kuti zimenezo ndezvekare, n'zakale."

"Ine? Ndiwauze apongozi kuti aleke kunama?"

"Ine ndinayesa chaka chatha, anandifunsa kuti anabereka mnzake ndani. Mudhara haanzwi, samva mkulu uja. Mwina iwe akumvera, amakukonda."

"Amandikonda chifukwa sindiwayankha."

"Ndiye yamba lero," anatero Humble, ndipo foni inaduka.

Lachinayi masana a Sande anali pansi pa mtengo, Rumbi ali pamwendo pawo akulimbana ndi batani la malaya. Estere anazungulira nyumba kawiri, anasesa pomwe anali atasesa kale. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje, anadziuza. Anagwada chapatali.

"Rumbi," anayamba, "auze agogo kuti sitima ija inasiya kale kuyenda. Auze kuti ku Gweru sathamangitsa munthu. Akangonena mmene akumvera, adzawapatsa mankhwala."

A Sande anachotsa batani m'kamwa mwa mwana, anamupukuta dovu ndi chala.

"Rumbi, uwauze amayi ako kuti ali ndi mtima wabwino. Uwauzenso kuti atate anga nawonso anawauza kuti akungopita kukapuma." Anapuma, mapewa akukwera. "Ine ku Malawi sindikudziwako munthu. Agogo ako aakazi ali apa, pa manda a ku Makwasha. Ndikawasiya ndi ndani?"

Estere anadzuka n'kukatsuka mbale zotsuka kale.

Lachisanu ananyamuka ndi kombi yoyamba. A Januário anakangana ndi hwindi, woitanira anthu uja, mpaka a Sande anapatsidwa mpando wakutsogolo, kutali ndi fumbi la m'mawindo. Asanakwere anali atawamwetsa dzira laliwisi ndi supuni ya mafuta ophikira, kuti kukhosi kuterere, ndi kuwadzoza mafuta m'masaya kuti nkhope iwale. Njira yonse Estere ankangoyang'ana khosi la apongozi ake kuchokera kumbuyo, mmene linkasambira m'kolala ya malaya.

Anafika ofesi isanatsegulidwe. Izinso zinali m'dongosolo: munthu akhale phee pa benchi mpaka mtima ukhazikike. Pa benchipo panali ena, wina wa ndodo, wina wopanda zala, wina wokosomola mosabisa n'kumalavulira m'kabotolo. A Januário anamuyang'ana ameneyo n'kupukusa mutu.

"Uyu wapita kale," ananong'oneza. "Alibe womulangiza."

Dzina litaitanidwa, nesi anatseka njira ndi dzanja. "Wodwala ndi wachibale mmodzi."

"Ine ndine mphunzitsi wake," anatero a Januário.

"Aphunzitsi adikire panja."

M'kachipinda koyamba munali sikelo. A Sande anakoka jekete kuti ikhale bwino n'kuponda.

"Aiwa, sekuru. Bvisai bhachi neshangu," anatero nesi. Jekete ndi nsapato zivulidwe.

A Sande anazengereza. "Kale tinkakwera ndi zovala."

"Kale ndi kale." Nesi anawavula yekha, ndipo jeketeyo itatsala m'dzanja lake, dzanjalo linatsika. "Maiwe! Muli chiyani umu, njanji?" Anaiponya pampando, inalira ngati thumba la makiyi. Anaseka n'kulemba zomwe sikelo inanena. Estere anayang'ana apongozi ake. Popanda jekete anali ochepa ngati mwana wa sukulu.

Kenako anawapatsa kapaipi kolumikiza ku makina kuti auzire. Anauzira ndi mtima wonse, mitsempha ya m'khosi ili njo. Nesi anayang'ana makinawo, anati abwerezenso, anayang'ananso, ndipo sanasekenso.

M'chipinda chachikulu munali tebulo lalitali ndi anthu atatu: wapampando, bambo wa imvi ndi magalasi, dokotala wamkazi wachitsikana, ndi mlembi. Pakhoma panali chithunzi cha m'chifuwa, chowala kumbuyo. Estere anali asanachionepo. Anadabwa kuona kuti m'munsi mwa mapapo munali mbuu, ngati galasi lomwe wina wapumirapo. Anakhala pampando wakumbuyo, Rumbi ali pamiyendo. Dokotala ndiye ankafunsa, m'Chishona.

"Sekuru Sande, mumayenda mtunda wautali bwanji musanapume?"

"Kutali."

"Kutali kwake?"

"Kutali ndithu."

"Ntchito zapakhomo mumagwira?"

"Kwambiri."

"Mumatsokomola?"

"Chimfine."

"Pamgodi munkagwira chigawo chiti?"

"Pa geti."

Estere anatsinzina. Pa geti! Munthu amene anathera moyo wake m'chigayo, momwe ankapera miyala n'kupeta ulusi wa asibesitosi.

Dokotala anaika cholembera pansi. "Sekuru, chithunzi chikunena zina, makina akunena zomwezo, koma inu mukunena zosiyana. Ife timayeza mmene matenda akukulepheretserani kukhala ndi kugwira ntchito, ndiponso ngati anachokera ku fumbi la pantchito. Mukati palibe chikukuvutani, ndipo munali pa geti, mwatimanga manja."

"Ndili fiti," anatero a Sande.

Wapampando anayang'ana anzake, anakweza mapewa, n'kuyamba kusonkhanitsa mapepala. Kenako anaona Estere.

"Muroora, inu mtengwa mumakhala nawo. Pali choti muonjezere?"

Zonse zinali pakamwa: mtengo wa mapeyala, nsapato imodzi, kampope ka pansi pa pilo. Koma azinene bwanji, mwini wake ali pomwepo, pamaso pa alendo? Kumeneko n'kuvula apongozi pamsika. Ndipo akanena, iwo akakana, bwalo limvera ndani? Anayang'ana pansi, ndipo anaona dzanja la a Sande lili m'mbali mwa mpando. Chikhadabo chinali chitalowa m'mnofu, kadontho ka magazi kakutsikira ku nsonga ya chala.

Estere anaimirira.

"Ine ndilibe choonjezera, bambo. Ndili ndi funso."

"Funsani."

"Mukawapeza kuti akudwala, muwatumiza ku Malawi?"

Mlembi anaseka pang'ono. Dokotala anakwinya nkhope. "Ku Malawi? Kukatani?"

"Bambo awo anawatumiza. Anatsokomola pa medikolo ya pamgodi, anawakweza sitima, sanabwerenso." Mawu ankatuluka okha tsopano, othamanga. "Ine ndikuganiza kuti zinatha, koma ine ndine mwana, sindinaone. Musayankhe ine. Ayankheni iwowo."

A Sande sanatembenuke, koma khosi lawo linauma. Wapampando anavula magalasi. Anawayang'ana nthawi yaitali, ngati akuwaona koyamba, kenako anakoka mpando wake n'kuuzungulitsa tebulo, kudzakhala nawo maondo kugundana.

"Sekuru, tarisai kuno, ndiyang'aneni. Funsani nokha chilichonse."

A Sande ananyambita milomo. "Wogwa mumamupititsa kuti?"

"Ku Makwasha. Pa kombi yomwe mwabwera nayo."

"Nyumba?"

"Sitiikhudza. Si nkhani yathu."

"Chitupa?"

"Chili m'thumba mwanu, chikhala momwemo."

"Wa kabotolo uja, ali panjayo?"

"Amabwera kuno chaka ndi chaka kudzayezedwa. Amakhala ku Mkoba, mufunseni."

"Sitima?"

"Kulibe sitima, sekuru."

"Kuyambira liti?"

Wapampando anayang'ana dokotala. Dokotala anayankha motsitsa mawu. "Ine ndinabadwa zitatha kalekale. Amayi anga omwe sanazione."

A Sande anamuyang'anitsitsa mtsikanayo, kuyambira tsitsi mpaka m'manja. Ankaoneka ngati munthu amene wauzidwa kuti mtsinje womwe wakhala akuuzungulira moyo wake wonse unaphwa.

"Ndiye anaiwala kutiuza ndani?"

Chala cha a Sande chinamasuka. Ndipo chifuwa chomwe anachimanga kuyambira ku Makwasha chinabwera chonse, chouma, chong'amba, chosatha, mpaka anapindika mutu kufika m'maondo. Rumbi anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Dokotala anathamanga ndi madzi, nesi anabwera ndi kampope. Estere anangoima, mwana ali paphewa, osadziwa ngati wapulumutsa munthu kapena wamupereka.

Mpweya utabwerera, a Sande anapukuta maso ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Lembani," anauza mlembi. "Za pa geti zija fufutani. Pa geti pankakhala anthu aulesi." Anapuma. "Ine ndinali wa m'chigayo. Fumbi lake... mnzako ali apa, sukumuona. Tikaweruka tinali oyera ngati azungu, akazi athu ankatizindikira ndi mayendedwe." Anapumanso. Ankalankhula mizere italiitali tsopano, n'kumaima pakati pomwe mpweya wathera, osabisa. Ananena za kansalu komwe ankamanga pamphuno, za mkaka womwe ankapatsidwa, za anzawo omwe anawaika m'manda. Dokotala anabwereza funso lake loyamba lija.

"Kuchoka pakhomo kufika pampopi ndimaima kamodzi. Kukatentha, kawiri. Khasu ndinalisiya mvula ya dzana." Anatembenuzira mutu pang'ono kumbuyo. "Zina afunseni amayi a Rumbi. Alibe pakamwa koma maso ali nawo."

Estere ananena za nsapato ndi za nyimbo. Za kampope ka pansi pa pilo anazisiya.

Anawatulutsa kanthawi, n'kuwaitananso. Wapampando anati bwalo lavomereza kuti fumbi la pantchito lawalemaza, kuti thandizo liyamba, ndipo mankhwala akatenge lero lomwe ku chipatala chachikulu. A Sande anamvetsera mutu uli pansi, ngati akuwerengeredwa chilango. Potuluka jekete anainyamulira pamkono.

A Januário anali pa benchi, chipewa chili pabondo. Atangoona jekete pamkono anaimirira.

"Fiti?"

"Ndagwa, shamwari."

Nkhope ya a Januário inagwa. Anayang'ana Estere ndi diso loti ndikudziwa ndi inu. "Wagwa bwanji? Dzira unamwa. Chala?"

"Ndinachisiya."

"Mai de Deus." Anakhala pansi. Anapotokola chipewa m'manja. "Akupatsa masiku angati?"

"A chiyani?"

"Olongedza."

"Kulibe kulongedza. Tikupita kukatenga mankhwala, kenako kunyumba."

"Akunamiza."

"Mwina. Tafunsa uyo." A Sande analoza bambo wa kabotolo uja, yemwe anali akudya nthochi kumapeto kwa benchi.

A Januário anasendera. "Pepani, baba. Inu munagwa liti?"

"Kugwa?"

"Kupezeka ndi fumbi."

"Aa, kalekale. Mdzukulu wanga anali asanabadwe, pano ali fomu wani."

"Ndiye anakutumizani kuti?"

Bamboyo anawayang'ana modabwa, anameza nthochi. "Ku windo lachiwiri, kolandirira ndalama."

A Januário anabwerera pamalo pawo pang'onopang'ono. Anayang'ana windo lachiwiri. Anayang'ana chitseko chomwe mnzawo anatulukira, ndi mlonda yemwe ankasinza pakhomo, ndi msewu kunja.

"Mai a Rumbi," anatero potsiriza, "kodi m'katimo amafunsa mafunso ovuta?"

"Ayi, sekuru. Omwe aja munkafunsa inu."

Anagwedeza mutu. Kenako anaika chibakera pakamwa n'kutsokomola kamodzi, pang'ono, mongoyesa, n'kuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati kubwere munthu.